Kathirela kogonamo: magetsi, madzi ndi zina zoti mudziwe musanapite kwa owotcherera

Anthu ambiri akamaganiza zopanga kathirela kogonamo amayambira ku zokongola, penti, makatani, timagetsi ta mitundumitundu, koma ine ndimati yambirani pa sikelo. Batire, madzi, gasi, matilesi, mapoto, zonsezi zimalimbirana makilogalamu omwewo, nde ukawonjezera uku uyenera kuchotsa uko. Ndiye kwathu kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo kuli vuto lina lomwe anzathu a ku Mangochi samaliganizira, chiperoni. Mukakonza zinthu zanu poyang'ana dzuwa la mu Okutobala lokha, mu Juni mudzagona mumdima, bulangete litanyowa, foni itathima.

Tiyambe ndi kangolo kenikeniko. Malire amene muyenera kuwasunga m'mutu ndi makilogalamu 750, thirela ndi katundu wake yense pamodzi. Mukakhala pansi pa pamenepo laisensi ya code B imakwana, komanso galimoto zambiri zapakatikati zimakoka bwino olo thirelayo ilibe mabuleki akeake, koma onaninso buku la galimoto yanu chifukwa tima Vitz ndi tima Mira sitingafike pamenepo ayi. Vuto ndi owotcherera athu, amakonda chitsulo chonenepa, ukangowasiya okha akupangira chinthu cholimba ngati cha mafumu koma chikulemera 600 chilibe kanthu mkati. Auzeni poyambirira pomwe kuti chasisi yokha ndi imene ikhale ya chitsulo chochindikala, mafelemu a m'mbali ndi a denga akhale a square tube yopyapyala, ndipo cholinga chikhale choti kangolo kopanda katundu kasapitirire 400 kapena 450. Zotsalazo, ma 300 amenewo, ndiye ndalama zanu zogulira moyo wabwino, ndipo zimatha msanga, madzi okha malita 80 ndi makilogalamu 80, batire ya lead 30, silinda ya gasi yodzadza pafupifupi 20, tayala la sipeya, firiji ndi zakudya zake, mwaona kale kuti mwatsala ndi zochepa.

Ma hub ndi matayala, ngati nkotheka, akhale ofanana ndi a galimoto yokokayo kuti sipeya imodzi izigwira ntchito konsekonse. Katundu wolemera akhale pansi komanso pamwamba pa ekisulo kapena kutsogolo kwake pang'ono, osati kumbuyo. Thirela yolemera kumbuyo imavina pa msewu, ikayamba kugwedeza mchira pa 70 kapena 80 imatha kukutulutsani mu msewu galimoto ndi zonse. Kuyeza kwake nkosavuta, tengani sikelo ya anthu ija ya kubafa, ikani kathabwa, tsamiritsani mphuno ya thirela pamenepo itapakiridwa kale, iwonetse pakati pa 50 ndi 70. Ikawonetsa 15 sunthirani zinthu kutsogolo.

Tsopano magetsi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ndalama za anthu zimathera pachabe. Musanalowe mu shopu iliyonse ku Limbe tengani pepala mulembe chilichonse chomwe mukufuna kuyatsa, mawatsi ake, ndi maola amene chiziyaka pa tsiku, kenako chulukitsani. Mababu anayi a LED a mawatsi 3 kwa maola anayi ndi 48, tingoti 50. Mafoni awiri ndi pawabanki, 50 ina. Laputopu kuitchaja kamodzi 60 kapena 70. Kafani ka 12V usiku wonse kotentha, 60. Zonse pamodzi simunafike ndi 250 Wh pomwe (Wh ndi mawatsi aja mutawachulukitsa ndi maola), ndipo zimenezi olo kapanelo ka mawatsi 100 ndi batire yaing'ono zikwanitsa. Koma mukangoti ndikufuna firiji nkhani yonse yasintha, kafiriji ka 12V ka kompuresa ka malita 40 kamadya pakati pa 300 ndi 500 Wh pa tsiku malinga ndi kutentha komanso kuti ana akutsegula kangati, kutanthauza kuti firiji yokha ikudya kuposa zina zonse kuphatikiza pamodzi. Nde dzifunseni moona mtima ngati mukuifunadi. Wopita Loweruka nkubwera Lamlungu, kula bokosi ndi ayisi zimukwanira. Wokakhala masiku anayi asanu, makamaka kumusi ku Majete kapena ku Lengwe kotentha kuja, ameneyo firiji ndi yofunika. Ndipo musanamizidwe ndi tima kula tija totsika mtengo tolumikiza pa cigarette lighter, tilibe kompuresa, timayaka osapuma, timapha batire ndipo sitizizira zenizeni.

Tiyerekeze mwasankha firiji, ndiye mukufunika pafupifupi 650 mpaka 700 Wh pa tsiku. Batire ya 100Ah (nambala yosonyeza kuchuluka kwa moto womwe imasunga) pa 12V pa pepala ili ndi 1,200 Wh, 100 kuchulukitsa ndi 12, koma ngati ndi ya lead, kaya gel kaya AGM, yanu ndi theka lokha, mukamaitsitsa kupitirira theka kawirikawiri siimaliza zaka ziwiri. Ndiye 600 Wh, osakwana ndi tsiku limodzi lomwe. Ya lithium, ija amalemba LiFePO4, ya 100Ah yomweyo mutha kutulutsamo 1,000 osaiwononga, imalemera cha m'ma 12 pomwe inzake ili cha m'ma 30, ndipo imakhala zaka zambiri. Mtengo wake ndiye umapweteka mutu, sindikana, koma pa thirela pomwe kilogalamu iliyonse ikuwerengedwa ine ndimaona kuti bola kudikira miyezi ingapo mukusunga ndalama kusiyana ndi kunyamula mabatire awiri a lead. Chomwe simuyenera kuchita mpang'ono pomwe ndi kugula batire ya galimoto, ija yolizira injini. Imeneyo anaipangira kutulutsa mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa kenako nkudzadzidwa pompo, kuipatsa ntchito ya usiku wonse kuli ngati kutenga wothamanga mamita 100 nkumulembetsa Porters Race, mpikisano wothamanga kukwera phiri la Mulanje uja, afika pa Chambe atatheratu.

Panelo, pa katundu ameneyu musatsike pa mawatsi 200. Tsiku labwino kuno timapeza maola asanu a dzuwa lamphamvu, nde 200 kuchulukitsa ndi 5 ndi 1,000, koma chotsanipo zotayika m'mawaya, kutentha ndi fumbi, mutsala ndi cha m'ma 700. Zakwana ndendende, eti? Eya, pa tsiku labwino. Chiperoni chikagwa, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, phiri osaoneka, kamvula kowaza tsiku lonse, panelo yomweyo imatha kukupatsani 100 kapena 150 pa tsiku, ndipo chiperoni sichibwera tsiku limodzi, chimatha kukhala masiku atatu anayi osasuntha. Chokomera chake nchakuti kukazizira firiji imadyanso pang'ono, koma sizikwanirabe. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa, amawonjezera panelo yachiwiri ndi yachitatu, pomwe kunja kulibe dzuwa loti mapanelowo akolole. Yankho ndi njira yachiwiri yotchajira, ndipo muli nayo kale, galimoto yanu. Gulani DC-DC charger ya ma ampu 20 kapena 30, iziyamwa ku alternator injini ikamayenda, mulumikize ndi waya wonenepa ndi Anderson plug pafupi ndi tow bar. Ya ma ampu 20 imakupatsani pafupifupi 250 Wh pa ola limodzi loyenda, ndiye ulendo wochoka ku Limbe kudzera ku Midima kufika pa Chitakale mwapeza kale pafupifupi zomwe panelo ingakupatseni pa masiku awiri a chifunga. Musalumikize batire ya thirela molunjika ku batire ya galimoto popanda chida chimenechi kapena isolator, chifukwa usiku firiji idzayamwa mabatire onse awiri m'mawa galimoto osalira, ndipo ya lithium imatha kukoka moto wambiri mpaka kuwotcha alternator. Onjezaninso katchaja ka 230V kotchajira pa ESCOM kunyumba kuti muzinyamuka batire ili fulu.

Panelo ikhale padenga kapena yonyamula? Ine ndimakonda yonyamula, kapena imodzi padenga ina yonyamula. Chifukwa chake nchakuti inuyo mukufuna kuimika thirela pa mthunzi, pansi pa mitengo ngati ya ku Likhubula, pomwe panelo ikufuna padzuwa, ndipo mthunzi wa nthambi imodzi yokha pa kona ya panelo umatsitsa mphamvu kwambiri kuposa mmene mungaganizire. Waya wa mamita 8 kapena 10 wa 6mm ukulolani kuitsatira dzuwa. Kungoti yonyamula imafuna tcheni ndi loko, mukudziwa kale. Iyang'ane kumpoto chifukwa tili kumwera kwa equator, yopendekeka pang'ono madigiri 15 mpaka 20, ndipo mu Juni ndi Julaye dzuwa likatsikira kumpoto kwambiri ipendeketseni kufika 30 kapena 35. Ya padenga isiyireni mpata pansi woti mphepo izidutsa, panelo yotentha imafooka. Mu Seputembala ndi Okutobala muziipukuta fumbi m'mawa uliwonse ndi kansalu konyowa.

Pa msika pali mapanelo onama ambiri, sitika yalembedwa 200W koma chinthucho kukula kwake ndi ka 80. Panelo ya mawatsi 100 yeniyeni imakhala pafupifupi mita imodzi mulitali ndi theka la mita kapena kuposerapo pang'ono mulifupi, ya 200 iyenera kukhala kawiri pamenepo, nde pitani ndi tepi. Pitaninso ndi multimeter, itulutseni panja padzuwa, muyeze ma volti ndi ma ampu muone ngati zikuyandikira zomwe zalembedwa kumbuyo. Wogulitsa akakana kuti muyeze, tulukani. Mabatire a lead nawonso anyamuleni, ya 100Ah yomwe mukuinyamula ndi dzanja limodzi mosavuta si ya 100Ah imeneyo.

Pakati pa panelo ndi batire pamakhala kontirola yoyang'anira katchajidwe ka batire. Za PWM nzotchipa ndipo pa kasistemu kopanda firiji zilibe vuto, koma kuno kwa mitambo MPPT imakolola zambiri pa dzuwa lomwelo, ya ma ampu 20 ikwana pa mawatsi 200. Polumikiza yambani batire kenako panelo, pomasula yambani panelo, ndipo musaiwale kuiuza mtundu wa batire yanu mu ma setting chifukwa lithium ndi gel sizitchajidwa mofanana.

Invetala anthu amaikonda kwambiri koma ndi mbava ya magetsi, imadya olo palibe chomwe mwalumikiza. Chilichonse chomwe chingayende pa 12V chisiyeni pa 12V, mababu, fani, firiji, ma USB. Invetala ikhale yaing'ono, mawatsi 300 mpaka 600, ya pure sine wave, ya laputopu ndi ma charger a kamera, ndipo muzizimitsa mukamaliza. Ketulo, ayironi, hotipuleti, zoumitsira tsitsi, zisiyeni kunyumba abale. Ketulo ya mawatsi 2,000 pa 12V imakoka ma ampu opitirira 160, waya wake ndi wonenepa ngati chala ndipo batire yanu singapirire.

Mawaya ndi ma fyuzi ndi pomwe pamayambira moto. Pa 12V ma ampu amakhala ambiri nde waya woonda umatentha komanso umataya mphamvu panjira, firiji nkumazima yokha batire ili ndi moto. Mababu 1.5mm ikwana, firiji 4mm kapena 6mm, invetala 16mm ndipo ikhale pafupi ndi batire. Samalani ndi waya wa aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, palani ndi mpeni, mkati mukakhala moyera usiyeni. Fyuzi yaikulu ikhale pa waya wa positive pafupi penipeni ndi batire, osapitirira chikhatho chimodzi, kenako kabokosi ka ma fyuzi ang'onoang'ono, chida chilichonse yakeyake. Zopota mawaya ndi manja nkukulunga tepi zija pa thirela sizigwira, msewu wa mabampu umamasula zonse, gwiritsani ma lug okanikiza bwino. Pomwe waya ukudutsa pa chitsulo ikani karabala, ndipo mawaya onse alowe mu konjuwiti chifukwa makoswe akapeza thirela yoimikidwa mwezi wathunthu amasamukiramo. Batire imangidwe ndi lamba isamasunthe, ndipo ngati ndi ya madzi ija yothira asidi ikhale mu bokosi lakunja lopita mphepo, imatulutsa mpweya woyaka ikamatchajidwa. Kamita koonetsa ma volti nkofunika, ya lead ikapuma pa 12.7 ndi yodzadza, pa 12.2 yafika theka zimitsani zinthu. Ya lithium ma volti ake sasuntha kwambiri mpaka itatsala pang'ono kutha, nde imafuna mita ya shunt yowerenga ma ampu olowa ndi otuluka.

Madzi. Munthu mmodzi kumwa, kuphika, kutsuka mbale ndi kusamba mosamala amafuna malita 15 mpaka 20 pa tsiku, anthu awiri masiku awiri ndi 80. Ambiri amafuna thanki yomangirira pansi ndi pampu ya magetsi ndi mpopi ngati kunyumba, nzokongola, koma ine ndili mbali ya zigubu. Zigubu zinayi za malita 20 mumatha kupita nazo pa mjigo kapena pa mpopi wa m'mudzi osasuntha thirela, mumazitsuka mkati mosavuta, chimodzi chikabooka mwataya 20 yokha, ndipo ngati mukupita komwe madzi aliko mumanyamula ziwiri zodzadza ziwiri zopanda kanthu mwapulumutsa makilogalamu 40. Thanki ikakhala theka madzi amakhuthukira uku ndi uku pa makona, zomwe zimagwedeza thirela, komanso pampu ya magetsi imaphunzitsa anthu kuwononga madzi. Chigubu chimodzi chiikeni kampopi pansi, muchiike pa shelefu ya pamwamba pa beseni mukafika, madzi azitsika okha. Mukafunabe pampu, ya phazi ndi yabwino, siidya batire ndipo manja onse amakhala omasuka. Apangireni zigubuzo malo ake pamwamba pa ekisulo ndi lamba wozimanga.

Zigubu zachikasu za mafuta ophikira nzabwino mukazitsuka ndi madzi otentha ndi sopo kangapo. Koma kuno kwa minda ya tiyi ndi makadamiya pamapezeka zigubu zokongola zolimba zomwe munali mankhwala opopera mbewu, zimenezo ayi, olo mutsuke bwanji pulasitiki imasunga poizoni. Za petulo ndi dizilo chimodzimodzi. Zigubu zoonekera mkati zimamera ndere zikakhala padzuwa, zisungeni pa mdima.

Madzi a m'phiri muno amanyenga, oyera mbee, ozizira, ukaima pa Dziwe la Nkhalamba umangofuna kumwa ndi manja. Koma komwe thirela ingafike ndi kumunsi, ndipo kumunsi kwa Likhubula, Thuchila, Lichenya kapena Ruo anthu achapa kale, asamba, ziweto zamwa. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, si nkhani yakale. Ndiye akumwa awiritseni kapena thirani WaterGuard motsatira zolembedwa pa botolo, kawirikawiri kachivindikiro kamodzi pa malita 20 nkudikira mphindi 30, akakhala a matope asefeni kaye pa nsalu yoyera. Chigubu cha madzi akumwa chilembeni chizindikiro chisasakanikirane ndi cha osamba. Ndipo mukapita ku madambo kapena ku Chilwa musamasambe m'madzi odikha, kuli likodzo.

Kusamba musavutike ndi gizala. Chigubu chimodzi chipakeni penti yakuda kunja, chisiyeni padzuwa kuyambira m'mawa, pofika 3 koloko madzi afunda. Kukachita chiperoni tenthetsani mphika umodzi pa gasi musakanize mu ndowa, kapu m'manja, kuseri kwa kalona kotchinga, mmene tinakulira. Madzi a sopo ndi otsukira mbale muziwataya patali ndi mtsinje, mamita 50 kapena kuposa, kumunsi kuli anthu akutunga. Chimbudzi, ngati malo omwe mwafika alibe, ndowa ya chivindikiro yokhala ndi pepala la pulasitiki mkati ndi utuchi kapena phulusa lothira pamwamba imathandiza usiku, makamaka amayi ndi ana, kapena kakhasu kokumbira dzenje patali ndi madzi nkukwirira bwinobwino.

Kuphika kukhale panja, izi musakambirane ndi aliyense. Mkati mwa kathirela ndi mochepa, nthunzi ya mphika imanyowetsa zonse ndipo fungo la usipa silichoka m'matilesi. Pangani dirowa yaitali yokoka kumbuyo kapena m'mbali, yokhala ndi sitovu ya gasi ya mbale ziwiri, beseni ndi malo a mapoto, pamwamba pake lona yotchinga mvula yomangirira ku denga ndi mapolo awiri. Lona imeneyi musaiderere, tsiku la mvula ndiyo imakhala balaza lanu, popanda iyo mukhala mutapanikizana pa bedi tsiku lonse. Silinda ya gasi ikhale choimirira, yomangidwa, mu bokosi lakunja kutsogolo, loboola pansi chifukwa gasi ndi wolemera kuposa mpweya akatuluka amatsikira pansi, ndipo isakhale bokosi limodzi ndi batire. Ya makilogalamu 5 kapena 6 imakwana masiku ambiri. Muzitseka pa silinda penipeni mukamayenda ndi pogona, ndipo polumikizira paipi muzipakapo thovu la sopo, likafufuma pakutuluka gasi. Mbaula ya makala mutha kunyamula yowotchera nyama ndi chimanga, koma usiku wa mu Julaye kukazizira musayerekeze kuilowetsa mkati kuti muothe, utsi wake wosaoneka uja umapha anthu ali mtulo chaka ndi chaka, ndipo mu kabokosi kotseka chonchi sizitenga nthawi. Kachozimitsira moto ka kilogalamu imodzi kakhale pafupi ndi chitseko. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa udzu umakhala wouma ndipo moto wolusa wawononga kale kwambiri phiri lathuli, makala muziwazimitsa ndi madzi osati kungowakwirira.

Pogona, mdani wamkulu si kuzizira koma chinyontho. Anthu awiri akapuma usiku wonse mu chipinda chaching'ono cha malata, mpweya wawo umakagunda denga lozizira nkusanduka madontho, m'mawa mumaganiza kuti denga likudontha pomwe ndi inu nomwe. Mankhwala ake ndi awiri. Choyamba ikani sitairofomu ya 25mm pakati pa lata lakunja ndi pulayiwudi yamkati, denga ndi zipupa zomwe, imathandizanso kutentha kwa ku Chikwawa. Chachiwiri mphepo iziyenda, kaboo kamodzi pansi kena pamwamba mbali ina, kotchingidwa ndi gozi komanso kachipewa koti mvula isalowe, ndipo tisamatsekedwe olo kuzizire bwanji, bola kuwonjezera bulangete. Matilesi a fomu yolimba ya masentimita 10 akwana, koma asagone pa thabwa lathyathyathya, ikani timatabwa totalikirana kuti pansi pake papite mphepo, apo ayi pakatha miyezi iwiri mukawatembenuza mupeza nkhungu yakuda. Mawindo onse gozi, ndipo neti ya udzudzu inyamuleni ndithu, timakoko tinayi ku denga basi.

Mulanje ndi amodzi mwa malo olandira mvula yambiri m'Malawi muno, nde bowo lililonse lomwe mwaboola padenga ndi khomo la madzi. Chepetsani mabowo, ndipo omwe alipo mateni ndi sealant ya polyurethane, silikoni wamba amasenda pakapita nthawi pa chitsulo chogwedezeka. M'mphepete mwa pulayiwudi mupake vanishi kawiri katatu chifukwa ndi momwe madzi amalowera nkufufumitsa. Matabwa gwiritsani paini, ndi wopepuka. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi matabwa a mkungudza onunkhira bwino osafumbwa, mukaneni, mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phirimu ndipo kuudula nkoletsedwa. Zitseko zikhale ndi rabala kuzungulira, apo ayi fumbi lofiira la misewu ya m'ma esiteti mulipeza mpaka m'shuga.

Kumbuyo ikani miyendo iwiri yotsitsa kuti thirela isamapendame mukakwera pa bedi. Miyendo yomweyo ndi matayala ndiye makwerero a nyerere ndi linthumbu, wazani phulusa kuzungulira kapena pakani girisi pa miyendo. Anyani ndi apusi a m'mphepete mwa phiri amadziwa kutsegula kula bokosi, zakudya zikhale mu dirowa yokhoma, ndipo musawapatse nthochi ngati zoseweretsa, mawa abwera ndi abale awo onse.

Za pamsewu, thirela imafuna kulembetsa ku Road Traffic, nambala puleti yakeyake ndi COF, magetsi a mabuleki ndi ma indiketa ogwira ntchito kudzera pa pulagi ya mapini 7, ma rifulekita, ndi tcheni chachitetezo kuwonjezera pa tow ball. Pa ma rodibuloko chinthu chachilendo ngati ichi amachiimitsa ndithu, ena mwa chidwi chabe, ndiye mapepala akhale pafupi. Musapitirire 80. Pa zitunda za ku Thyolo ndi Bvumbwe, makamaka potsetsereka kupita ku Chikwawa, tsikani ndi giya yaikulu mphamvu, 2 kapena 3, chifukwa makilogalamu 700 opanda mabuleki akukukankhani kumbuyo ndipo mabuleki a galimoto akatentha amasiya kugwira. Mukayenda makilomita 20 kapena 30 oyamba imani mugwire ma hub ndi dzanja, ofunda palibe vuto, otentha moti simungagwire ndiye kuti ma bering akufuna girisi kapena amangidwa kwambiri. Seti imodzi ya ma bering, girisi, ma fyuzi apadera ndi jeke yokwana thirela zizikhala momwemo. Nthawi ya dzinja dothi lofiira lija limaterera koopsa ndipo kubwerera chambuyo ndi thirela pa kamsewu kopapatiza ka m'tiyi si masewera, phunzirani pa bwalo la mpira kaye. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 misewu ina ya m'midzi ndi timilatho tozungulira phiri zinasintha, musadalire mapu a pa foni okha, funsani a kabaza pa Chitakale kapena pa Limbuli, amadziwa pomwe pakudutsika sabata imeneyo.

Malo ogona musamangoima paliponse. Minda ya tiyi ili ndi eni ake ndi alonda, pemphani ku ofesi. Ku Likhubula yambani mwaonekera ku ofesi ya za nkhalango, ndi komwenso mungapeze ma gaidi ndi ma pota ngati mukukwera, poti thirela imathera pansi pomwepo, ku Chambe, ku Lichenya kapena ku Sapitwa pa mamita 3,002 ndi miyendo yanu. Kumudzi kaonaneni ndi amfumu kaye, ndipo pezani munthu woti akuyang'anireni katundu mukachokapo, mugwirizane mtengo musananyamuke. Panelo yonyamula ilowe mkati, coupling, cholumikizira thirela ku galimoto chija, ikhomedwe ndi loko.

Mukabwerako musangoiponya kuseri kwa nyumba. Tsanulani zigubu muziumitse zitatsegula, tulutsani matilesi padzuwa, siyani timawindo totsegula pang'ono. Batire ya lead itchajeni ifike fulu tsiku lomwelo ndipo muziibwereza mwezi uliwonse, ikakhala yopanda moto milungu ingapo imafa osadzukanso. Ya lithium imasungika bwino ili cha pa theka, mutazimitsa switchi yaikulu. Ngati ikhala miyezi yambiri osayenda, ikwezeni pa njerwa kapena pa ma stand kuti matayala asaphwe mbali imodzi, ndipo pansi pake musalole udzu kumera, chiswe chimakwera ndi udzu womwewo kukafika ku pulayiwudi.